Mpeni wa Zala Zinayi

Ine ku Joni sindinathawire njala ayi. Kwathu ku Biriwiri mbatatesi tinali nayo, kabichi ankachita kuolera m'dimba, chimanga chinkakumana ndi chinzake m'nkhokwe. Anzanga ankapita kukasaka malata ndi njinga zamoto. Ine chimene chinandichotsa pamudzi ndi mpeni, ndipo ndikanena choncho anthu amayesa ndikucheza.

Abambo anga ndiwo ankazinga ng'ombe m'midzi yonse ya kumtunda kwathu. Kukagwa maliro, kukakhala ukwati, kukamangidwa chiliza, uthenga unkayamba wafika kwa iwo. Malipiro sankalandira, ankangopatsidwa nyama ya pakhosi ndi mpando wabwino. Ng'ombe ankaisenda osaboola chikopa ngakhale pamodzi, nyama n'kuigawa mwakuti akuchimuna ndi akuchikazi ankabalalika popanda wodandaula. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zinayi. Chaching'ono chinapita ndi chingwe cha ng'ombe akadali mnyamata, ndipo ife ana tinakula tikuliona dzanjalo mpaka tinaiwala kuti pali chosowa.

Mpeni wawo anawasulira bambo wina wa kutsidya kwa malire amene anamwalira ine ndisanabadwe. Unali wakuda, wosakongola, wa chigwiriro cha mlombwa chimene chinachita kunyezimira ndi mafuta a nyama. Unkakhala m'chimake cha chikopa pamwamba pa khoma, kuchipinda kwawo. Amayi sankayerekeza kudulira nawo ngakhale dzungu.

Tsiku lina m'mawa, ndili munthu wamkulu kale wandevu zanga, ndinkamanga mpanda wa kudimba. Waya anakana kuduka, chodulira ndinali nditabwereketsa, abambo anali atatsikira ku boma. Ndinati ndingomenya kamodzi basi, adziwa bwanji. Ndinaika waya pamwala, mpeni pamwamba pake, n'kukhoma ndi nyundo pamsana. Kumenya koyamba waya anangopindika. Kwachiwiri mpeni unathyoka pakhosi penipeni, chitsulo n'kugwera uko, ine n'kutsala ndi chigwiriro m'manja.

Akanandimenya bwenzi zitathera pomwepo. Atabwerako, iwo anangotola zidutswa ziwirizo, anaziyang'ana, n'kukaziponya kudzala. Sabata yomweyo kunagwa maliro m'mudzi wa pafupi, ndipo abambo anakabwereka mpeni kwa munthu wa chiwaya pamsewu. Tsiku limenelo anaboola chikopa pawiri anthu akuona. Atabwera anandipeza pakhonde, ndipo anayankhula osakweza mawu.

“Iwe manja ako ndi ophwanya. Chinthu changa chilichonse usadzachigwirenso.”

Kuyambira pamenepo ankandiyankhula kudzera mwa amayi, ngakhale titakhala pamphasa imodzi. “Muuzeni mwana wanuyo ng'ombe zadya m'munda mwa eni.” Moni wa m'manja anasiya kundipatsa. Ndinapirira dzinja limodzi, kenako ndinagulitsa mbuzi zanga n'kukwera basi. Mumtima ndinali ndi chinthu chimodzi chokha: ndikapeze mpeni umene abambo adzaulandire kuchokera m'manja mwanga, ndikhalenso mwana wawo.

Za ulendo sindinena zambiri, aliyense amene anadutsa ku Tete ndi ku Zimbabwe akuzidziwa: miyendo kutupa, ludzu, kutsika ndi kukwera pamalire onse. Ndinafikira kwa Fakisoni, munthu wa ku Champiti amene tinadziwana kumsika wa ku boma akugulitsa nyemba. Ankagona m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Munali bedi limodzi, sitovu ya parafini, ndi chidebe chimene chinkagwira ntchito ya mpando masana. Kuzizira kwa ku Biriwiri ine ndinkati ndikukudziwa, koma kwa kumeneko kumalowa m'mano. Fakisoni anandigawira bulangete lake asanandifunse kuti ndikhala mpaka liti.

M'mawa uliwonse tinkaima pamphambano, gulu la amuna, kudikira galimoto yofuna aganyu. Ndinasenza njerwa, ndinakumba ngalande, ndinatchetcha kapinga wa agalu a anthu. Masiku ena tinkabwerera osagwira kanthu, Fakisoni n'kuphika miyendo ya nkhuku akuimba nyimbo za kutchalitchi mosokoneza mawu dala kuti ndiseke. Ndikapezako kangachepe ndinkatumiza kwa amayi ka feteleza, kotsala n'kubisa m'sokosi. Fakisoni atamva chimene ndinkasungira anandiyang'ana ngati ndadwala mutu.

“Aise, anthu akusungira malata, iwe ukusungira mpeni? Ku Ntcheu mipeni inatha?”

Ndinaupeza m'sitolo ina yaikulu m'tauni, ya magalasi okhaokha. Mipeni inali itagonekedwa pansalu yofiira m'kabati yokiya. Wogulitsa, bambo wa taye ndi mafuta onunkhira, ananditulutsira umodzi umene chitsulo chake chinali ndi mizere yokhotakhota ngati madzi. Chigwiriro chinali chosalala, chokhala ndi timipata tinayi togonamo zala. Pakhosi pake panali kachizindikiro ka nkhanga.

“Nkhanga iyi ndi chidindo cha mmisiri wotchuka,” anatero. “Anthu amachokera kutali kuufuna.”

Ndinafunsa ngati ungasende ng'ombe. Anaseka, amvekere ngakhale njovu. Ndinafunsa kuti mmisiriyo amakhala kuti. Anati ameneyo saonedwa wamba, n'chifukwa chake pali iwo a sitolo. Ndinakhuthula sokosi yonse. Ndinatuluka nditakumbatira bokosi, mtima uli mbee, ndipo Loweruka lake ndinaupereka kwa atransipota pamodzi ndi bulangete la amayi ndi foni ya mlongo wanga Nangozo.

Yankho linabwera pafoni yomweyo. Nangozo ndi munthu wosadziwa kuzungulira nkhani.

“Achimwene, katundu wafika. Amayi bulangete alikonda. Mpeni abambo anauyesa pambuzi ya a Gomani, unabuntha asanamalize mwendo woyamba, ndiye magazi atafika pachigwiriro unayamba kuterera. Akuti amene anagula mpeni umenewu sanamuone wosula. Atipatsa ife, tikusendera mbatatesi. Bokosilo n'labwino, ndikusungiramo singano.”

Fakisoni anaseka mpaka anatsamwa, kenako ataona nkhope yanga anasiya, n'kundithirira tiyi. Zinandipweteka kwambiri, sindibisa. Chaka chotsatira amayi anadwala n'kumwalira. Masiku anga mu pasipoti anali atatha kalekale, ndipo ndinaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Maliro a amayi anga ndinawalira pafoni, nditakhala pachidebe chija. Munthu yekhayo amene ankanyamula mawu pakati pa ine ndi abambo anali atapita.

Amene anandipezera ntchito yokhazikika ndi Fakisoni yemweyo. Iye anali atalembedwa yosamalira maluwa pamalo ena kunja kwa tauni, kwa mzungu wokalamba amene tonse tinkangowatchula kuti a Madala. Kuseri kwa nyumba yawo kunali shedi ya ng'anjo, nyundo ndi makina onolera. Ankafuna munthu wosesa ndi kunyamula malasha. Tsiku loyamba ndikusesa ndinaona mpeni uli patebulo, ndipo tsache linandigwa. Pakhosi pake panali nkhanga.

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha mpeni ndinagula uja. Tinkamvana m'Chingerezi changa chothyokathyoka, chotsala manja ankamaliza. A Madala anavala magalasi, anakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kupukusa mutu.

“Nkhanga iyi si yanga. Yanga ndimaikhoma chitsulo chili chofiira, imalowa mkati. Iyi anangoijambula pamwamba ndi makina. Mizere iyinso ndi yopaka. Pepa, mwana wanga, anakugulitsa bokosi.”

Anandifotokozera kuti alipo masitolo awiri okha amene amawapatsa mipeni yeniyeni, ndipo kumeneko munthu sanamizidwa. Koma ngakhale imeneyo, anatero, chigwiriro chake amachisema chapakatikati, choti aliyense agwire, ndiye sichikhala cha wina aliyense. Kenako anandilozera khoma la shedi. Linali lodzaza ndi mapepala okhomedwa ndi timisomali, pepala lililonse lili ndi dzanja la munthu lojambulidwa ndi pensulo.

“Wobwera kuno ndimayamba ndaona dzanja lake. Amaliika papepala, ine n'kuzunguliza. Chitsulo chimabwera pambuyo.”

Ogula awo anali anthu odabwitsa. Ankabwera pa magalimoto akuluakulu, ena atadikira chaka chathunthu kuti mpeni wawo usulidwe. Akaulandira ankavala magolovesi oyera, kuutembenuza padzuwa, kuujambula, n'kukautsekera m'kabati ya galasi kunyumba kwawo. Wina anandiuza monyadira kuti ali nayo yodzaza chipinda, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene unadulapo kanthu, chifukwa ukangodula mtengo wake umatsika. Ine ndinangoti zikomo bwana. Atapita ndinafunsa a Madala ngati sizimawawawa kusula mipeni imene sidzalawa magazi ngakhale a nkhuku. Anangondiuza kuti ndikasese.

Koma kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiitana pafupi. Poyamba ankandipatsa zigwiriro kuti ndizikwecha ndi sandipepa, miyezi yambirimbiri, mpaka mizere ya m'zala zanga inafufutika moti foni inasiya kundizindikira. Kenako tupa. Kenako makina onolera, amene anandidya chikhadabo. Pomaliza anandilola kuima pang'anjo. Anandiphunzitsa kuwerenga mtundu wa chitsulo pamoto, kudziwa pamene chapsa mokwanira kuti chiviikidwe mu oilo, ndi kumva ndi khutu ngati chang'aluka mkati. Anali munthu waukali pantchito. Ukalakwitsa sankakalipa, ankangotenga chimene wapangacho n'kuchiponya m'mgolo wa zinyalala, zimene zinkandikumbutsa munthu wina wake kwathu. Manja anga anadzaza zipsera. Chakudya cha masana tinkadyera pamodzi pansi pa mtengo, iwo, ine ndi Fakisoni, aliyense kutsegula kambale kake n'kuika pakati.

Zaka zinapitapo ndisanalimbe mtima. Tsiku lina tikudya ndinawauza nkhani yonse, ya waya, ya chikopa chobooka, ya mawu a abambo. Ndinapempha kuti andisulire mpeni, azindidula pamalipiro mpaka udzathe. Anamvetsera osandidula mawu.

“Munthu ameneyu amasendadi ng'ombe? Ndi mpeni womwewo?”

“Moyo wawo wonse, bwana.”

Nkhope yawo inawala ngati mwana wapatsidwa mpira. “Bweretsa dzanja lake,” anatero.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwa kwake kunaposa kwa waya kuja. Ndinaimbira Nangozo n'kumuuza kuti atenge pepala ndi pensulo, abambo aike dzanja, iye azungulize, anditumizire. Ndinayankhula mopepuka ngati ndikupempha mchere. Ndinali nditaona manja ambiri pakhoma lija mwakuti ndinaiwala kumene ndinachokera. Nangozo anazengereza, koma poti ndine mkulu wake anapita.

Anandiimbira madzulo ake.

“Achimwene, mwandiika m'mavuto. Abambo anangoona pepala n'kubisa dzanja m'khwapa. Akuti kwathu kuno munthu timamuyeza ndi bango atagona, pofuna kukumba manda. Akuti anandithyolera mpeni, tsopano akufuna muyezo wanga ndili moyo, pepalalo akupita nalo kwa yani?”

Pakhonde panali anthu tsiku limenelo, ndipo nkhani sinachedwe. Pofika Lamulungu mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wa a Ngozo wa ku Joni uja akufuna kukhwima, sing'anga wamutuma dzanja la bambo ake. Ena anawonjezera kuti ndi imfa ya amayi yomwe ndikuidziwa. Fakisoni sanaseke ulendo uno.

“Aise, wakhalitsa ndi azungu. Ukanandifunsa ine ndikanakuletsa. Agogo anga ngakhale telala sankamulola kuwayeza, ankangomupatsa malaya akale.”

Ndinataya mtima. Kwa miyezi ingapo ndinkangogwira ntchito ngati ng'ombe ya pangolo, foni ya kumudzi osaimba. A Madala sanandifunse kanthu. Koma mawu a Fakisoni a malaya akale aja ankandibwererabe, ndipo tsiku lina ndinalembera Nangozo kumufunsa ngati pali khasu kapena nkhwangwa yakale ya abambo imene angaitumize osaoneka. Anayankha kuti ali ndi china choposa pamenepo. Pogawa zovala za amayi anapeza kamtolo ka nsalu pansi pa sutikesi. Mkati munali chigwiriro cha mlombwa chija. Amayi anakachitola kudzala tsiku lomwelo, n'kuchisunga zaka zonsezo osauza munthu.

Chinafika ndi atransipota chitakwiriridwa m'thumba la nyemba. Ndinachipereka kwa a Madala. Anachigwira, anatseka maso, n'kumachitembenuza m'dzanja mwawo pang'onopang'ono.

“Chala chachikulu amakanikiza apa, waona pamene padyekapa? Posenda amakokera kwa iye, sakankha. Ndipo munthu uyu chala chaching'ono alibe. Kumapeto kuno mtengo ukadali watsopano, sunagwiridwepo.”

Ine za chalacho sindinawauzepo. Ndinakhala pansi pathumba la malasha. Ndinakumbukira timipata tinayi ta mpeni wa m'sitolo uja, n'kuona abambo akuugwira, kampata kamodzi kali pululu, chala chawo chachitatu chikukwera pamsana wosakhala wake. Mzungu amene sanapondepo ku Ntcheu anawadziwa abambo anga ndi kamtengo, ine mwana wawo ndinawagulira mpeni wa zala zisanu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo.

“Muusula liti, bwana?” ndinafunsa.

“Ine? Ayi. Uusula ndiwe. Ine ndizingoyang'ana.”

Ndinawakumbutsa zimene abambo ananena za manja anga. Anati iwo akhala akuwaona manjawo zaka zingapo, ndipo chimene aphwanyapo ndi kapu imodzi yokha.

Sitinatenge chitsulo cha mizere chimene ogula aja amakonda. Tinadula sipuling'i ya lole yakale, chitsulo chogwira ntchito. Ndinkasula Loweruka masana tikaweruka. Woyamba unang'aluka mu oilo, ndinamva kulira kwake ndisanautulutse. Wachiwiri unapindika ngati nthochi. A Madala anautenga n'kuuponya m'mgolo. Wachitatu unatuluka wowongoka, ndipo atauyesa ndi tupa, tupayo inangoterera. Chigwiriro ndinachisema chakale chija chili pambali, kuyerekeza, kukwecha, kutseka maso, kugwira ichi, kugwira icho, mpaka dzanja langa linalephera kusiyanitsa. Ndinachidula chachifupi, chothera pamene chala chachitatu chimathera, n'kusiya kamutu kumapeto koti dzanja lisapulumuke likanyowa. Nkhanga sitinakhomepo. A Madala anati mpeniwo si wawo.

Wogula wina anaupeza patebulo, anavala magolovesi ake n'kuunyamula. Anati chitsulo n'chabwino koma chigwiriro chinalakwika, n'chachifupi, sichikukhala m'dzanja. Ndinathokoza kwambiri, ndipo bamboyo sanamvetse chimene ndinkasekerera.

Nangozo atandiuza kuti chiliza cha amayi chamangidwa ndipo mwambo wake uli pafupi, ndinatsanzika. A Madala anandisokera chimake cha chikopa ndi manja awo. Fakisoni anandiperekeza kokwerera basi, anandipatsa phukusi la ana ake ku Champiti, n'kundiuza kuti ndikakanidwanso ndibwerere, chidebe chija chikundidikira.

Ndinatsika pa Biriwiri masana, mphepo ikuomba monga mwa masiku onse. Pamene ndinasiya thengo panali magolosale. Ana amene ndinawasiya akukwawa anandidutsa pa njinga osandidziwa. Akuluakulu amene anandidziwa ankapereka moni ali chapatali, manja ali kumbuyo, ndipo ndinazindikira kuti nkhani ya pepala ija sinafe. Nangozo anali atayamba imvi. Anandikumbatira, analira, kenako anandinong'oneza kuti abambo maso anachita ng'ala, amangoona zithunzithunzi, ndipo ng'ombe ya mawa aitanira munthu wa chiwaya. Nditapita kukawapatsa moni anayankha kuti “Wafika,” nkhope ili kumbali, basi.

M'mawa mwake ng'ombe inamangidwa pamtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Achibale anali atadzaza pabwalo, azimayi akutsuka mabeseni, wa chiwaya akunola mipeni yake pamwala mochita kudzionetsera. Abambo anali pakhonde, pamphasa, atafunda jekete. Anali atachepa thupi kwambiri. Ndinapita n'kugwada patsogolo pawo, ndipo phokoso la pabwalo linayamba kuzilala. Sindinawapatse m'manja. Ndinauika pamphasa pafupi ndi bondo lawo.

“Abambo, ndabwera ndi mpeni.”

“Wa m'bokosi uja ulipo. Akusendera mbatatesi.”

“Uwu ulibe bokosi.”

Kenako dzanja lija linatuluka m'jekete, linapapasa pamphasa, linapeza chimake, n'kusolola. Ndinaona zala zitatu zikugwera m'malo mwake, chachikulu n'kukakhala podyeka paja. Anaufinya, anaumasula, anaufinyanso. Anayendetsa chikhadabo kukamwa kwake, anaugogoda ndi chala n'kuusendeza kukhutu. Anakoka m'malere kawiri, ngati akusenda ng'ombe yosaoneka.

“Wosula uyu ndani?” anafunsa. “Anandigwirapo dzanja liti?”

“Ndine, abambo.”

“Usandinamize pamaso pa anthu.”

Ndinatulutsa chigwiriro chakale chija m'thumba n'kuchiika pamphasa. Ndinawauza kuti amayi anachitola kudzala, ndi kuti pepala lija ndinkafunira zomwezi, ndinangopempha mopusa. Anachipapasa ndi dzanja lamanzere, mpeni uli kumanja. Anatchula dzina la amayi kamodzi, chapansipansi.

“Bweretsa manja ako.”

Ndinawatambasula. Anaika mpeni pamwendo, anagwira manja anga onse awiri, n'kuyamba kuwayendera ndi zala zawo, chipsera ndi chipsera, chikhadabo chodyeka chija, zikhatho zolimba ngati chikopa chouma. Aka kanali koyamba kundikhudza chithyokere mpeni uja. Misozi inanditsika ndipo sindinaipukute, manja anali ogwidwa.

“Moto,” anatero. “Awa ndi a moto.”

Anaitana Nangozo kuti amuuze wa chiwaya apumule, nyama yake alandirabe. Kenako anatembenuza mpeni, n'kundilozetsa chigwiriro.

“Ine maso anapita. Ndidzutse, ndikakuonetse poyambira.”

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pamtengo wa pichesi, iwo atakolowekera mkono wawo mwa wanga, anthu akupatuka. Amuna atagwetsa ng'ombe, abambo anagwada pambali panga n'kuika dzanja lawo pamwamba pa langa. Pamenepo anamva kuti chala changa chaching'ono chikulendewera kunja, chikusowa pogona.

“Chipinde,” anatero. “Chizolowera.”

Ndinachipinda. Ndinazinga, ndinasenda, iwo akundiuza pokokera ndi polekera. Chikopa ndinachiboola pamodzi, chapamimba. Anapapasa bowolo, anati iwo tsiku lawo loyamba anaboola patatu, ndipitirize. Pogawa nyama ankatchula okha kuti mwendo uwu upite kwa akuchikazi, nthiti izi kwa adzukulu, ine n'kumadula. Nyama ya pakhosi anandiuza kuti ndikaike m'mbale yanga.

Anakhala nafe mvula ziwiri zina. Ku Joni sindinabwererenso. Ndinamanga kang'anjo kuseri kwa nyumba, ndimasula mipeni, zikwanje ndi timakasu ta m'dimba, ndipo wofuna mpeni ndimamuuza abwere yekha ndi khasu lake lakale, za mapepala sinditchula. Kukagwa maliro uthenga umafika kwa ine tsopano. Anthu akaona mmene ndimagwirira amandifunsa kuti bwanji osangosema chigwiriro china chokwana dzanja langa, poti ndine mmisiri. N'zoona, ndi ntchito ya masana amodzi, mlombwa ndili nawo. Ndimawayankha kuti ndidzasema, n'kupinda chala changa, n'kuyamba kusenda.